Kapu Imodzi ya Petulo Kupita ku Chisi

Mwaseka eti? Sekani, mano ndi anu. Koma amene akuti Namakhwa wayamba zake zija aimirire pompano anene poyera, asamatokosolere mnzake m'nthiti ayi. Inu a mlangizi atsopano, chifikireni pabenchi pano mwakhala mukudandaula kuti njinga yanu yamotoyo ikumwa mafuta ngati ng'ombe ya m'chilimwe, ati thanki yodzaza ikungokufikitsani ku Zomba ndi kubwerera basi. Thanki yodzaza! Ine ndinayenda ndi kapu imodzi, kapu ya tiyi yachitsulo yopindika kukamwa, kuchoka pano pa Kachulu mpaka ku chilumba cha Chisi, kubwerera, n'kupitirira, munthu wina ali kumbuyo. Alamu anga a Mulaviwa awa akhala chete kumapeto kwa benchiwa analipo. Afunseni, kungoti iwo mawu amaumira.

Nthawi imeneyo inu a mlangizi munali kumsana kwa amayi anu, dziko litangolandira ufulu kumene. Ine ndinali mlangizi wa ziweto kuno kwa Mwambo. Ntchito yanga inali ya dibi ndi jakisoni wa ng'ombe, ndipo ng'ombe sizikhala pamsewu, zimakhala kudambo, m'matope, kuseri kwa udzu wa njedza, ndiye boma linandipatsa njinga yamoto ya m'tchire, yamiyendo yaitali ngati kakowa, matayala a mano ngati ng'ona, paipi ya utsi yokwera m'mwamba kuti madzi asalowemo. Mafuta ankatipatsa ochepa pamwezi. Mnzanga wa ku Songani ankawatha sabata imodzi n'kumayenda wapansi masabata atatu, chikwama cha mankhwala pamutu ngati mayi wopita kuchigayo. Ine ayi. Ine njinga ija ndinaiphunzitsa kusala kudya.

Matayala ndinkawapopa mpaka alire ngati ng'oma yowambidwa pamoto, ndinachotsa galasi, ndinachotsa hutala, ndinameta mpala kuti mphepo isagwire tsitsi, ndinadula mabatani a jekete chifukwa nawonso ndi katundu, ndipo injini sindinkailiza mopyola mmene amang'ung'udzira munthu wokhuta. Pochokera ku Zomba ndinkaizimitsa pamsika pomwepo, chifukwa kuchoka kuphiri kubwera kunyanja dziko lonse ndi lotsetsereka, n'kumangotsika, kutsika, kudutsa minda ya chimanga, kudutsa phiri la Mpyupyu, kufika pakhomo panga, kupitirira pakhomo panga chifukwa mabuleki nawonso ndinkawasunga, mpaka kukaima m'madzi a m'maondo, matemba akundiyang'ana. Popita kokwera ndinkadikira udzudzu wa Chilwa, inu mukuudziwa kukula kwake, ndinkavula malaya n'kuuonetsa msana, wonse n'kubwera pamodzi kudzaluma, ndipo mphepo ya mapiko ake yokha inkandikankha mpaka ku Songani. Mukumva? Chaka china ndinadzaza thanki pa Khirisimasi, pa Pasaka n'kutsegula kuti ndione otsala, ndinapeza petulo waswana, wafika pachivundikiro, mpaka ndinachita kupungulako kuti asatayikire pa thalauza. Pali Mulungu.

Ndiye ndinkanena, inde ndinkanena, ndibisirenji. Pamsika, pamaliro, potuluka m'tchalitchi, paliponse pamene pali makutu awiri, ndinkati njinga ya Namakhwa siimwa petulo, imangonunkhiza. Mawu amenewo anayenda dera lonse. Ana ankawaimba. Mafumu ankandilonjera nawo. Ine ndinkasangalala, osadziwa kuti pakamwa panga pomwepa ndikukumba dzenje.

Kenako chinabwera chaka chija nyanja inathawa. Inu amene munabadwa madzi atabwerera simungamvetse. Mvula inakana chaka choyamba, inakana chachiwiri, madzi anayamba kubwerera m'mbuyo tsiku ndi tsiku ngati munthu amene wakhumudwa nafe, mpaka tsiku lina tinadzuka n'kupeza padoko pano ngalawa zagona chammbali pamatope ouma, maukonde ali pamitengo opanda wowakhudza. Fungo la nsomba zowola linakhala miyezi, kenako nalonso linatha, kunangotsala fumbi loyera lamchere lolowa m'maso ndi m'ndiwo. Asodzi anathawira kunyanja zina, akazi awo n'kutsala ndi ana. Mpunga sunadzalidwe. Ng'ombe zanga zinkagwa pamzere wa dibi pomwepo, ine nditaima ndi mankhwala a nkhupakupa, pamene chinkazipha ndi njala, ndipo mankhwala a njala m'chikwama changa munalibe. Ku Chisi, kumene makolo athu ankapitako pangalawa pokha, anthu anayamba kupitako wapansi.

Malemu mkazi wanga Esinati, amake Rute, kwawo kunali ku Chisi komweko, mlongo wawo wa alamu awa. Chaka chimenecho anali woyembekezera. Atabadwa Rute, mimba ziwiri zinapita padera, ndipo anamwino anatiuza mosabisa kuti ya ulendo uno akachirire kuchipatala chachikulu ku Zomba, osati kumudzi. Koma kunyumba kwathu kunalibe chakudya chokwanira munthu wa pakati, pamene amayi ake kuchilumba anali ndi mapira pang'ono m'nkhokwe. Iye ankakayika. Ine ndi amene ndinamulimbitsa mtima. Ndinati pitani amake Rute, mukadye, nyanja yauma, njinga ifika pakhonde pa amayi anu penipeni, masiku akayandikira ndidzakutengani, dzuwa lisanasunthe tili ku Zomba. Ndinadzaza thanki ndi mafuta a mwezi wonse iye akuona, n'kutenga dzanja lake kuliika pathanki paja, ndati iyi ndi yanu, sindikhudza dontho. Iye anagogoda ndi chala kuti amve ngati yadzazadi, n'kumwetulira. Ananyamuka ndi Rute, kamtolo pamutu. Mwezi wonsewo ine ndinayendera madibi wapansi, njinga ili m'nyumba yofunditsidwa bulangete ngati mlendo.

Tsopano senderani pafupi, izi sindikuwa. Tsiku lina m'mawa inaima padoko pano lole yodzaza amayi ovala nsalu zachipani, ankapita ku Zomba kukavina kumsonkhano waukulu, ndipo lole ija inali itatha mafuta. Anafika pakhomo panga a tcheyamani a kuno, dzina sinditchula, ana awo mumadya nawo, ndi amuna awiri a malaya ofiira, wina atanyamula paipi ndi chigubu. Khamu la anthu linawatsatira kudzaonerera.

"A Namakhwa," anatero a tcheyamani, "amayi akupsa ndi dzuwa. Tamva muli ndi thanki yodzaza."

Ine ndinangoti kukamwa yasa.

"Nanga mwasowa mawu? Paja yanu ija imangonunkhiza?"

Anthu anaseka. Ine ndinaseka nawo. Dzina la Esinati linali apa, pansonga ya lilime, koma inu mukudziwa kumene ankapita anthu okana zachipani, ndipo mukudziwa kuti ena mwa iwo mpaka lero sitinawaonenso. Komanso, ndisaname, anthu onse aja ankandiyang'ana kuti aone ngati Namakhwa abweza mawu ake. Njinga ndinaitulutsa panja n'kuvundukula bulangete ndekha. Paipi ndinailowetsa ndekha, kuyamwa ndekha, petulo n'kundiwawa m'kamwa, n'kumamva chigubu chikudzaza. Ndinalowa m'nyumba, kutenga kapu yanga ya tiyi, ndati mungondisiyira iyi, nayonso yachuluka. Anthu anaomba m'manja. Lole inanyamuka amayi akuimba, ine n'kutsala pakhonde ndi kapu m'manja, osataya dontho. Ndinaithira m'thanki, inamveka ngati munthu walavulira m'chitsime chouma.

Ndinadzitonthoza kuti masiku a Esinati akadali kutali, mafuta a mwezi wina abwera asanayambe kumva kupweteka. Patangopita masiku atatu, dzuwa litakwera pang'ono, ndinaona munthu akubwera kuchokera kunyanja, woyera fumbi thupi lonse ngati wagwa mu ufa. Anali alamu awa. Sanakhale pansi, sanalonjere. Anangoti matenda anayamba dzana, mwana wagona chopingasa, azamba agwa mphwayi.

Apa ndiye mumve bwino, inu a thanki yodzaza. Ndinaitulutsa njinga ija, kuisisita pathanki, kuiuza kuti lero ndi tsiku lako, ndinaponda kamodzi kokha n'kulira, chifukwa kuponda kawiri n'kutaya mafuta, ndinatsika padoko pomwepa pamene paima ngalawa yobiriwirayo n'kulowa m'nyanja yopanda madzi, kampopi ka mafuta ndikutsegula mpweya umodzi, kutseka mipweya khumi, kutsegula umodzi, kutseka khumi, injini ikumeza dontho lililonse ngati wodwala akumwa phala. Nthaka inali itang'ambika ming'alu, ina yoti n'kugweramo ngolo ndi ng'ombe zake, ndipo m'ming'alumo ndinkaona zonse zimene nyanja inameza chiyambire, nkhafi, miphika, mikondo ya makolo, wotchi ya mzungu wina ikuyendabe. Mng'alu wina unali waukulu kuposa mtsinje wa Likangala, ndati apa ndafa, koma m'menemo munagona mlamba wodzikwirira m'matope kudikira mvula, wautali ngati ngalawa zitatu, ndinakwera kumchira, kuthamanga pamsana, kudumphira pamutu, iye n'kungotsegula diso limodzi kuti ndani akundikanda. Mukumva? Pakati pa nyanja ndinapeza nsungwi ya msodzi, kumangirira jekete, kuzimitsa injini, mphepo ya mwera n'kundinyamula, mphepo itatopa kunabwera kamvuluvulu, ndinamugwira kumchira, anandizunguza katatu n'kundiponya kutsogolo, matayala osakhudza pansi, moti ndinafika pansi pa milambe ya ku Chisi fumbi langa lisanachoke pa Kachulu, ndipo mthunzi wanga unandipeza pambuyo pake uli wefuwefu. Nditasuzumira m'thanki, kapu ija inali itangotsika ngati munthu wapsontha kamodzi kuti amve shuga.

Koma zimene ndinapeza kunyumba kuja sizifuna kukometsera. Amayi ambiri anali atakhala pabwalo. Apongozi anga, amene chikwatireni mwana wawo tinkalankhulana atagwada patali nkhope atatembenuzira kumbali, tsiku limenelo anandithamangira n'kundigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. Pamenepo ndinadziwa kuti zafika poipa. Anamutulutsa Esinati atamugwirira mbali zonse. Milomo yake inali yotuwa, yong'ambika, maso olowa m'kati. Rute anamutsekera m'nyumba yoyandikana nayo kuti asaone, koma ndinkamumva akumenya chitseko. Tinamukhazika Esinati pampando wa njinga chammbali pang'ono chifukwa cha mimba, kumumangirira kumsana kwanga ndi zitenje ziwiri, chachitatu kumufunditsa kumutu chifukwa cha dzuwa. Anaika tsaya lake pamsana panga, likutentha ngati chitsulo cha simbi.

"Bambo a Rute," anatero ndi mawu otsika, "thanki yanga ija mwabwera nayo?"

"Ndabwera nayo. Yodzaza."

Ndiye tinanyamuka, ndipo ulendo wobwererawo ndi umene azungu akanaumva akanabwera ndi ndege kudzandijambula. Katundu anali wa anthu atatu tsopano, mphepo inali itatembenuka ikutiomba kumaso, njinga inayamba kumwa ngati yaiwala zonse zimene ndinaiphunzitsa, inatsokomola koyamba, ndinatembenuza kampopi kuika pa rizevu, mafuta otsiriza a pansi pa thanki, inatsokomola kachiwiri, ndinaipendeketsa kumanzere uku ikuthamanga kuti timadontho tobisala mbali ina ya thanki titsikire kumpopi, inatsokomola kachitatu, ndinaona nyali ya msodzi yosiyidwa pangalawa yowola, ndinaitola ndi chala cha kuphazi osaima, kukhuthulira palafini wake m'thanki, utsi n'kutuluka wakuda mpaka akhwangwala anagwa. Palafini atatha tinapeza gogo wina akuphika mchere pakati pa nyanja, ali ndi kabotolo ka kachasu m'chiuno, ndinakatsomphola podutsa, njinga inamwa n'kuledzera, kuyamba kuyenda mokhotakhota uku ikuimba, koma ikupita kutsogolo. Kachasu atatha ndinafika pa mlamba uja, kumufinya kumchira, mafuta ake kutsanulira m'thanki, njinga n'kuyamba kuterera pamatope ngati ikusambira. Mafuta a mlamba atatha ndinatulutsa mpango umene ndinapukutira pakamwa tsiku la a tcheyamani lija, unali ukununkhabe petulo, ndinaugwirizira pamphuno pa injini, inanunkhiza, ikuyenda, inanunkhiza, ikuyenda, fungo litatha ndinawerama n'kunong'oneza m'thanki mawu okha akuti petulo, petulo, petulo, njinga n'kukhulupirira. Mukumva inu? Tinatulukira padoko pano ngati mphezi, nkhuku zonse za pa Kachulu n'kuthothoka nthenga, kudutsa Mpyupyu, kukwera mtunda wonse uja wopita ku Zomba popanda ngakhale udzudzu umodzi wotikankha, kupyola lole ya a tcheyamani ija ikubwerera, kulowa m'tauni apolisi akuchita sawasha, kukwera masitepe a chipatala ndi njinga yomwe, mpaka pabedi penipeni, anamwino akululutira, adokotala akundigwira chanza, ndipo nditatsegula thanki kuti ndione, munali mutatsala petulo wokwana supuni imodzi, amene ndinapatsa mlonda wa pachipata kuti aka...

Mwati chiyani alamu?

Mwati basi?

Khalani pansi alamu, musachoke. Zaka zonsezi mwakhala mukumva nkhani imeneyi osatsegula pakamwa, lero chavuta n'chiyani? Chabwino. Khalani. Ndamva. Inu nonse mwasiya kuseka bwanji? A mlangizi, musayang'ane pansi, funso lanu linali la mafuta, ndikuyankhani.

Kapu ya petulo ndi kapu ya petulo. Inandifikitsa ku Chisi, zimenezo n'zoona, ndinaisamala mmene ndikanathera. Koma pobwerera injini inazima milambe ya kuchilumba ikuonekabe bwinobwino kumbuyo kwathu, moti munthu akanatha kuwerenga nthambi zake. Rizevu inali youma, paipi ija ndinali nditaifikitsa pansi penipeni pa thanki ndi dzanja langa. Ndinapendeketsa njinga, inalira pang'ono, kuyenda mtunda ngati kuchoka pano kufika pachigayo apo, n'kuzimiratu. Kunalibe nyali, kunalibe gogo wa mchere, kunalibe mlamba. Kunali nthaka yoyera mbali zonse ndi dzuwa pamutu, mitengo ya pa Kachulu ikuoneka kutali ngati ulusi wakuda. Ndinaponda, kuponda, kuponda mpaka mwendo unachita dzanzi. Ndinaganiza zomumasula Esinati n'kumubereka, koma mimba ikanapanikizika. Ndinaganiza zomugoneka pansi n'kuthamanga kukaitana anthu, koma panalibe ngakhale chitsamba choti chimupatse mthunzi, ndipo akhwangwala anali atayamba kale kutizungulira.

Ndiye ndinakhala momwemo pampando, n'kuyamba kupalasa pansi ndi mapazi, uku ndi uku, ngati mwana amene akuphunzira njinga yakapalasa. Tayala linkalowa mumng'alu, ndilikoke, lilowe mu wina. Esinati anasuntha mutu pansi pa chitenje paja.

"Yazima kodi?"

Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani. Ndinati ayi, ikupuma pang'ono. Ndipo ndinatseka milomo n'kuyamba kuliza pachifuwa, thuthuthuthu, thuthuthuthu, motsika, kuti msana wanga uzinjenjemera pamene iye anatsamira tsaya, aziyesa kuti tikuyenda. Bambo wa ndevu zake, wantchito wa boma, pakati pa nyanja youma, akuliza njinga ndi pakamwa.

Ndi mmene anatipezera alamu awa. Iwo atandiuza uthenga m'mawa muja sanapume, anatembenuka n'kunditsatira wapansi, ndipo tinakumana pakati. Anaima, kuyang'ana mapazi anga, nsapato imodzi inali itatsala mumng'alu kumbuyo, kuyang'ana magazi a mlongo wawo amene ankadontha patcheni, kumvetsera phokoso limene linkatuluka pakamwa panga. Ndinawapempha ndi maso okha. Anazungulira kumbuyo, kugwira chitsulo cha kumpando, n'kuyamba kukankha. Iwo akukankha, ine ndikuwongolera ndi kuliza, dzuwa n'kupendeka, lilime kutupa, pakhosi kuuma mpaka phokoso lija linayamba kutuluka losasa ngati la injini yakale.

Mitengo ya pa Kachulu itayamba kuoneka masamba, manja ake anafinya malaya anga pang'ono.

"Bambo a Rute, mupweteka pakhosi. Ndinamva kalekale kuti inazima."

Ndinasiya. Kunangoti zii, kumamveka matayala okha akuphwanya mchere ndi mpweya wa alamu kumbuyo. Ndinadikira kuti andifunse kumene kunapita mafuta ake. Ndinali nditakonzeka kunena zonse, a tcheyamani, paipi, kuseka kwanga, kuomba m'manja kwa anthu. Sanafunse. Ndikanakonda akanafunsa, akanatukwana, mwina bwenzi pano ndikugona tulo.

"Koma musasiye," anatero. "Kukakhala chete ndikuchita mantha."

Ndinayambanso. Thuthuthuthu. Sindikudziwa malo enieni pamene zinachitikira, ndayendapo pangalawa kambirimbiri madzi atabwerera, ndimayang'ana pansi osazindikira. Ndinangomva manja aja akumasuka m'chiuno mwanga, dzanja limodzi n'kugwera pambali kumalendewera, thupi lake n'kulemera kumsana kwanga mwa mtundu wina. Alamu anasiya kukankha. Ndinawamva akuitana dzina la mlongo wawo kawiri. Ine sindinatembenuke. Ndinati kankhani alamu, anati musasiye. Anakankha.

Ku Zomba sitinafikeko. Adokotala sanandigwire chanza. Tinamuika ku Chisi mawa lake, iye ndi mwana amene sitinamuone nkhope, maliro tinawanyamula wapansi kudutsa njira yomweyo, mizere ya matayala anga ikuonekabe pamchere, ndi mapazi awiri m'mbali mwake. A tcheyamani anabwera kudzapepesa, ndinawayalira mphasa, ndinawathokoza. Mafuta a mwezi wotsatira anafika patapita masiku asanu ndi limodzi. Njinga ndinakaibweza ku boma ndikuikankha, thanki ili yodzaza, ndinati miyendo yanga yayamba kuvuta. Rute anakulira kwa alamu awa, ine ndinalibe nkhope yomuyang'anira. Pano ali ndi ana ake ku Songani, amabwera pa Khirisimasi, amanditcha bambo, koma za tsiku lija sanandifunsepo, ngati mayi ake.

Mukandimva ndikukamba za mlamba ndi kachasu muzingoseka, musamandiletse. M'nkhani imeneyo mokha ndi mmene timafika.

Koma chimodzi ichi musachichotse, chifukwa mboni zake zilipo. Madzulo aja anthu anali atakhala pansi pa mitengo iyi, ndipo anaimirira n'kuthamangira padoko tisanaoneke bwino, akuti Namakhwa uyo akubwera. Mpaka lero alipo akuluakulu pano pa Kachulu amene angakulumbirireni kuti anamva ndi makutu awo njinga ya Namakhwa ikulira kuchokera pakati pa nyanja mpaka kufika pamtunda, osadukiza. Musawatsutse, si abodza. Kulira anakumva ndithu. Kungoti sinali njinga.